Tsiku Limene Gitala ya a Nkhoma Inafufuma

Gitala ya a Nkhoma sinali ya m'bawa. Zimenezi ndinazitsimikiza Lachiwiri masana, kutatsala masiku anayi kuti aiyimbe pa ukwati wa mwana wawo wamkazi ku Moruleng. Mmene ndinatsimikiziramo ndiye nkhani.

A Nkhoma ndi tchona weniweni. Anakalambira mu mgodi, ndipo timakhala pa yadi imodzi kuno ku Rustenburg. Gitala yawo yamagetsi, yofiira ngati phwetekere, anapatsidwa ndi mzungu wina wa ku Protea Park yemwe ankamudulira kapinga atapuma ntchito ya mu mgodi. Mzunguyo akuti anati ndi ya m'bawa, ndipo a Nkhoma amauza aliyense. "Mtengo wa kwathu uwu. Unabwera ku Joni ngati ife tomwe."

Ine kumudzi ndinali mtolankhani (pano ndimatsegulira magalimoto geti), ndipo mawu akuti "akuti" amandiyabwa. Komanso bambo anga anali kalipentala. Zinthu ziwirizi zikakumana mwa munthu mmodzi, bisani katundu.

"Bambo, umboni wake uli kuti?"

"Tanyamula, mtolankhani iwe. Wamva kulemera kwake?"

Inalidi yolemera. Ndinagogoda ndi chala, koma penti yake inali yochindikala moti sindinamve chilichonse chanzeru. Popita kukayesa suti anandisiyira gitala kuti ndiikemo nsambo zatsopano. Nsambo basi.

Thupi la gitala yotere limabisika ndi penti paliponse, kupatula pakamphako pomwe khosi limalowa. Ndinamasula masikuluwu anayi, khosi n'kuchoka. Mkatimo munali motuwa. Ndinapala ndi mpeni kufuna mizere ya thabwa, osaoneka. Ndinanunkhiza, osamva kanthu. Apa munthu wanzeru akanabwezeretsa zonse.

Ine ndinakumbukira bambo. Thabwa likawasokoneza ankalinyowetsa, ndipo m'bawa ukanyowa umafiirira, mizere yake n'kutuluka bwinobwino. Ndinaviika kansalu m'madzi otentha, n'kukakanikizira pakamphako. Kuti madzi alowerere (ndinkafuna umboni wosatsutsika) ndinawonjezera theka la kapu. Kenako ndinapita kukagula buledi.

Pamzere ndinakhala mphindi makumi anayi. Nditabwerera ndinaima pakhomo kukamwa kuli yasa. Gitala inali itatupa! Pomwe panali kamphako panafufuma ngati mandasi m'mafuta, penti itang'ambika mbali zonse. Nditakhudza, chala chinalowa. Sunali m'bawa, sunali mlombwa, sunali ngakhale mtengo. Unali utuchi wopanikizidwa ndi guluu, womwe uja amapangira makabati otchipa.

Ndinayesa kubwezeretsa khosi, linakana. Ndinalikhalira, linalowa mopendekera. Masikuluwu ankangozungulira ngati m'phala.

A Nkhoma anandipeza ndili chogwada, ndikupemerera gitala ndi chivindikiro cha poto. Anaika suti yawo pampando pang'onopang'ono.

"Haikona," anatero. "Nsambo zija zafika pamenepa?"

"Bambo, ndapeza kuti si m'bawa."

"Wapeza."

"Ndi utuchi, bambo. Mzungu uja anakunamizani."

"Zaka khumi ndi ziwiri utuchi umenewu ukuimba m'tchalitchi, palibe Mkhristu anabwerera pakhomo. Mwana wanga anaphunzira kuimba akundigwirira chingwe chake. Wapempha chinthu chimodzi chokha pa ukwati wake, kuti ndimuyimbire polowa. Ndiye iwe wandipezera chiyani?"

Pa moyo wanga ndafunsapo anthu mafunso ovuta, koma pa limeneli ndinangopitiriza kupemerera gitala. Choipa n'chakuti pansi pa mtima kamunthu kena kankanyadirabe kuti ndinalondola.

Pano gitala ili padenga, yomangidwa ndi malamba pakati pa matabwa awiri, ikuwamba dzuwa. Kalipentala wina wa ku Mangochi yemwe amakhala konkuno wati Lachisanu adzayesa kusema potupapo n'kumatapo kachidutswa ka thabwa lenileni, koma wakana kulonjeza. A Nkhoma sanandikalipire. Angonena kuti ikakanika, Loweruka mkwatibwi akamalowa adzandipatsa maikolofoni, ndifotokozere akuchimuna onse zomwe kafukufuku wanga wapeza.