Galimoto Yofiira ya a Zengerezu

Mwambi uwu, ana inu, chiyambi chake n'chotere. Khalani pansi, mafoniwo muyambe mwaika m'thumba.

Ku Bangwe, kumtunda kwa msika, kunali bambo wina dzina lake Sitoni Kamphulusa. Loti Zengerezu linachita kubwera pambuyo. Bamboyu anali makaniko pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo ntchito ankaidziwa, asakunamizeni munthu. Thirakitala ikamatsokomola kutsidya kwa dambo, iwo ankangotchera khutu n'kunena chomwe chavuta.

Mzungu woyang'anira esitetiyo, pobwerera kwawo, anawasiyira galimoto yake yakale. Sinali galimoto wamba ayi. Inali ya mipikisano, yofiira ngati tsabola wakupsa, yopanda denga, ya mipando iwiri basi, yaifupi moti wokwera ankaoneka ngati wakhala pamphasa. Koma injini yake inali itatopa. Inkagogoda ngati mmisiri wa zidebe, kumbuyo utsi uli tolotolo ngati akuotcha njerwa. Choncho ndi utsi womwewo a Kamphulusa anafika nayo pakhomo, n'kutuluka mochita kulumpha chitseko, pakuti masiku amenewo maondo anali awoawo.

Tsono mkazi wawo anali Nanyoni, wa ku Bawi ku Ntcheu. Tsiku la chinkhoswe chawo, malume ake a Nanyoni, a Kwizombe, anali atanena mawu pagulu.

"Mkamwini wake ameneyu? Wobwera wapansi, nsapato zili m'manja kuopa kuti zingathe?"

Anthu anaseka. A Kamphulusa nawo anaseka, koma mawuwo anawakhala ngati munga wa m'chidendene.

"Nanyoni, tatulukani mudzaone!" anaitana tsiku limenelo. "Iyi ndi imene idzakutuleni pakhomo pa amayi anu. Ndidzaimika pamaso pa a Kwizombe, hutala katatu, kenako ndidzavula nsapato n'kuzinyamula m'manja mwadala."

Nanyoni anaizungulira galimotoyo, n'kuigwira ndi chala chimodzi ngati ingamuotche.

"Ndiye tinyamuka liti, abambo?"

"Ndiyambe ndamanga injini. Kwa apongozi sapita ndi utsi. Masabata awiri basi."

M'mawa mwake Nanyoni anatsikira ku Limbe, nakagula chitenje chofiira cha maluwa achikasu, choti chigwirizane ndi galimoto. Anachipinda bwinobwino n'kuchiika pansi pa sutikesi kudikira tsikulo.

Kuphwasula sikuvuta, ngakhale nyani angathe mutamupatsa sipanala. Loweruka limodzi lokha a Kamphulusa anatsitsa injini yonse, n'kuyala zitsulo pamasaka pansi pa mtengo wa mango, chilichonse pamalo pake ngati tomato wa pamsika. Anagula malingi atsopano, timikombero ta m'kati mwa injini, ndi gasiketi yomatira. Chinatsala n'kumanga basi.

Masabata awiri atatha, Nanyoni anafunsa.

"Mukuliona fumbili?" anayankha a Kamphulusa, poti unali mwezi wa Okutobala. "Injini samanga nthawi ya fumbi. Kamchenga kamodzi kakangolowa m'kati, ntchito yonse yathera pomwepo. Ibwere kaye mvula."

Mvula inabwera.

"Abambo, fumbi lija latha."

"Ndiye ndimange ndi chinyezi chimenechi? Mukufuna dzimbiri lidye galimoto ya mzungu? Ikate kaye."

Mvula itakata kunali kukolola, ndipo chimanga sichikanaolera m'munda chifukwa cha galimoto. Atakolola kunagwa chiperoni.

"Chitsulo chikazizidwa chimakhwinyata, Nanyoni. Malingi amenewa nditawakakamiza lero athyoka ngati bisiketi. Kutenthe kaye."

Kunatenthadi, ndipo kutentha kunabwera ndi mnzake uja, fumbi. Chaka chili ndi miyezi khumi ndi iwiri, koma mwa yonseyo munalibe mwezi womangira injini. Chopweteka n'chakuti chilichonse chimene ankanena chinali ndi kachoonadi kake, moti Nanyoni ankasowa poyambira kutsutsa.

Tsono mudziwe kuti m'dera mwathu muno chitsulo sichikhala lova. Anayamba ndi a Selemani, mnzawo wokhoma zidebe wa kuseri kwa mpanda.

"Achimwene, timisomali ta mitu ikuluikuluti n'tachiyani?"

"Amenewo ndi mavavu, opumira injini."

"Tandibwerekani awiri ndiziboolera malata."

"Tengani, mudzabweza ndikamamanga."

Mawu amenewo anasanduka nyimbo. Sampu, beseni lija lokhala pansi pa injini losungira oyilo, linakhala momwera abakha. Fulayiwilo, chimbale cholemera chija, akuluakulu a katchalitchi ka pamtunda anadzachipempha n'kuchipachika pamtengo, chinakhala belu. Mphepo itasasula malata chaka china, a Kamphulusa eni ake anakwera padenga n'kutsendereza ndi kirankishafuti, msana weniweni wa injini. Buloko, thunthu lenileni la injini, anaikokera pamthunzi, anthu a bawo n'kumakhalira. Ngakhale Nanyoni, atatopa, anatenga pisitoni imodzi n'kumasinjira tsabola.

Koma Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, kumene anaitanidwa ndi fulayiwilo yawo yomwe, a Kamphulusa ankathamangitsa nkhuku zoikira pampando, n'kupukuta galimoto mpaka kumadziona nkhope. Kenako ankakhala pachiwongolero n'kumayang'ana kumpoto, kumene kuli Ntcheu. Anthu a bawo aja ndi amene anawapatsa dzina.

"A Zengerezu, mwafika pati? Mwadutsa pa Zalewa?"

"Sekani, sekani. Tsiku lake mudzakhosomola fumbi langa."

"Fumbi liti? Si lomwe likukuletsani kumangalo?"

Kunabadwa mwana wamkazi, Lute. Anakwawa pansi pa galimotoyo, anasewera masanje mu boneti, anakula, anakwatiwa ku Zomba. Amayi ake a Nanyoni anamwalira, Nanyoni anapita kumaliro pa basi. Patapita zaka, a Kwizombe nawo anatsikira kulichete.

"Bambo a Lute," anatero Nanyoni atabwerako, "munthu munkafuna kumuimbira hutala uja tamuika dzulo. Tsopano mudzaonetsa ndani?"

"Lonjezo ndinalonjeza inu, osati iwo. Chaka chino sichitha."

Zinatha zaka zina zisanu ndi ziwiri. Kenako Nanyoni anayamba kutupa miyendo, mpweya n'kumamuperewera. Tsiku lina masana, ali gone pamphasa kuothera dzuwa pafupi ndi galimoto ija, anawaitana amuna ake.

"Za ku Bawi zisiyeni, n'kutali. Mungondiyendetsako mpaka pamsika n'kubwerera. Ndimve chabe m'mene mphepo imawombera munthu akakwera yopanda denga."

A Kamphulusa anayang'ana kumwamba. Mitambo ya chiperoni inali itaphimba phiri la Bangwe.

"Kungotentha pang'ono, mayi a Lute. Masabata awiri basi."

Nanyoni anaseka, kuseka kopanda mawu, n'kutembenukira kukhoma.

Anamwalira mu Ogasiti. Amayi osambitsa maliro, pofunafuna chomuveka, anatsegula sutikesi ija n'kupeza pansi penipeni chitenje chofiira cha maluwa achikasu, chikadali chouma gwa ndi chipepala cha kusitolo. Anamukulunga m'menemo. Maliro ananyamulidwa pa lole ya mchenga, a Kamphulusa atakhala kumbuyo, atagwirira bokosi kuti lisamagunde m'mabampu. Denga panalibe, ndipo mphepo inawomba njira yonse.

Ku Bawi, mlongo wake wa Nanyoni anaimirira kuyankhula m'malo mwa banja.

"Tithokoze alamu athu. Zaka makumi atatu ndi zisanu zapitazo anatumiza uthenga kuti mlongo wathuyu adzam'bweretsa pa galimoto yopanda denga. Lero mwaona nokha, am'bweretsadi."

Palibe anaseka, koma a Kamphulusa akanakonda anthu akanaseka. Anaimirira n'kulonjeza pagulu.

"Tsiku lomanga chiliza ndidzabwera pa galimoto yake ija. Ndidzaimika pamanda pomwe, aimve kulira."

Achibale anagwirizana kuti chiliza adzamange chaka chamawa, kumapeto kwa Okutobala. Mukuganiza kuti atabwerera kwawo anayamba pomwepo? Ayi ndithu. Kunali fumbi. Kenako mvula, kenako kukolola, kenako chiperoni. Anadzidzimuka Lute atatumiza uthenga kuti simenti yagulidwa, kwatsala masabata atatu.

Pamenepo ndiye mudzi unaona zachilendo: a Zengerezu akuyenda mothamanga, thumba paphewa, khomo ndi khomo kulondola injini yawo. Abakha anawalanda momwera. Pisitoni anaipeza pa alumali, ikununkha tsabola. A Selemani anabweza mavavu ataphwanyika kumutu.

"Munati ndidzabweze mukamamanga, achimwene. Ine ndinkayesa mukunena tsiku la chiweruzo."

Kutchalitchi ndiye kunavuta. Mkulu wa mpingo anagwira fulayiwilo ndi manja awiri.

"Belu limeneli laitana anthu ku maukwati, ku maubatizo, ngakhale maliro a mayi a kunyumba kwanu linalira ndi lomweli. Lero mukuti ndi chiwalo cha galimoto?"

Anachita kusinthana ndi limu ya tayala lapadera, ndipo mpaka lero belu la pamenepo limalira ngati poto wong'aluka.

Chinatsala ndi kirankishafuti, padenga. A Selemani anawaletsa.

"Dikirani adzukulu anga aweruke ku ntchito, akutsitsireni."

"Ndadikira zokwanira," anatero a Zengerezu. Taonani tsoka lake: tsiku lokhalo limene kudikira kukanawathandiza ndi limene anakana kudikira.

Chitsulo chimene anachikweza ali ndi zaka makumi anayi anakachitsitsa ali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri. Makwerero anali a nsungwi zofumbwa. Anatsika onse atatu nthawi imodzi, munthu, chitsulo ndi makwerero, kenako malata awiri n'kuwatsatira. Kirankishafuti sinakandike n'komwe. Koma chiuno cha a Zengerezu ndi bondo lakumanzere zinathera pomwepo.

Kuchipatala anawauza kuti agone miyezi itatu. Anagona masiku anayi, lachisanu anauza a Selemani kuti awatulutse pa njinga. Kuimirira sankatha, choncho injini anaimanga chokwawa. Ankakwawa kuchoka pakhonde kupita pansi pa mango, sipanala ili kukamwa, anthu a bawo n'kumawanyamulira zolemera, chipongwe chonse chitawathera. Unali Okutobala, ana inu. Fumbi linkachita kuzungulira ngati kamvuluvulu, kulowa m'maso, m'mphuno, m'zitsulo momwe. Iwo ankangopukuta ndi malaya n'kumanga.

Masiku asanu ndi anayi okha, injini inakhala m'malo mwake. Anathira oyilo ndi petulo, anabwereka batire ndi matayala. A Selemani anawakweza pampando, iwo n'kupotokola kiyi.

Inalira kamodzi n'kamodzi. Inabangula moti abakha anathawira kudambo, amayi anatuluka m'nyumba ndi zipande m'manja. Yosagogoda, yopanda utsi, kungoti kafungo ka tsabola pang'ono.

A Zengerezu anamvetsera, mutu uli pachiwongolero. Kenako anayang'ana a Selemani, misozi ikudula njira m'fumbi la kumaso.

"Masiku asanu ndi anayi, achimwene. Ndi fumbi lomwe."

Anafuna kuponda kilatchi kuti alowetse giya. Kilatchi ya galimoto zoterezi ndi yolimba, imafuna mwendo wa mnyamata, ndipo imapondedwa ndi mwendo wakumanzere. Anayesa, mwendo unakana. Anaukankha ndi manja onse awiri, thukuta lili kamukamu, chitsulo osasuntha n'pang'ono pomwe. Injini inkangobangula, galimoto ili chiimire pomwe inaima zaka zonse zija.

Lute, amene anabwera kudzawatenga, anagwada pambali pa chitseko.

"Ababa, amuna anga amatha kuyendetsa. Inu mukhale mpando winawo."

A Zengerezu anayang'ana mpandowo.

"Uwu ngwa amayi ako. Ndikakhalapo ine, iwo akhala pati?"

Anazimitsa injini, n'kuika kiyi m'thumba la malaya.

Ku Bawi anapita pa minibasi, atawagoneka pampando wakumbuyo. Kuchoka pamsewu kukafika kumanda pali kanjira kodutsa m'mizere, ndipo achibale anafuna kuwabereka, koma anakana.

"Ndinabwera kuno koyamba wapansi. Musandinyamule ngati thumba la chimanga."

Choncho anthu onse a pachiliza anaona mkamwini wa galimoto yofiira akubwera m'kanjirako ndi manja ndi bondo limodzi, mwendo wina ukukhwekhwereza m'fumbi. Nsapato zinkavuka, ndiye anazivula n'kuzigwira m'manja. Atafika, anatulutsa kiyi uja n'kumukanikiza mu simenti yaiwisi, kumutu kwa manda.

"Nanyoni, yalira," anatero. "Ikanayenda, mphepo ija mukanaimva."

Mlamu wawo uja, amene pakamwa pake sipankasowa mawu, tsiku limenelo anangovula chipewa. Koma pobwerera kumudzi wina anamufunsa kuti nkhalamba yokwawayo ndi ndani, ndipo yankho lake ndi lomwe likuyenda mpaka lero. Galimotoyo ikadalipo ku Bangwe pansi pa mango, nkhuku zinabwereramo, ndipo a Selemani anakatenganso mavavu awo.

Ndiye inu mukamati ndichita mawa, ndichita kukacha bwino, ndichita mvula ikakata, muziyamba mwagwira maondo anu n'kuwafunsa ngati adzakhalepo tsikulo. Pajatu, monga anayankhira mlamu uja, Zengerezu adalinda kwawukwawu.