Besi Pansi pa Mpando Wanga

Mumsewu mwathu munali bambo wina woika mawailesi ndi masipika m'magalimoto, amene sankagwira chida chilichonse asanakhale pampando uliwonse wa galimotoyo. Uliwonse, sindikukokomeza. Ankayamba ndi wa dalaivala, n'kutsinzina, mutu n'kuupendeketsa ngati nkhuku yomvetsera chinachake muudzu, kenako n'kusunthira pena. Ukabwera ndi minibasi unkayenera kukadyeratu kwanu. N'chifukwa chake tinkawatchula kuti a Mipando, ngakhale kuti moyo wawo wonse sanakhomepo ndi kampando komwe.

Tsiku lomwe anatisiya, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu anadikira pafupifupi ola lathunthu panja pa galimoto ya kasitomala, akuletsana kutsokomola, poganiza kuti bamboyo akumvetsera. Mwini galimoto mpaka anathamangitsa galu amene ankauwa pafupi. Koma a Mipando anali atapita kalekale, ali khale pampando wakumbuyo, nkhope ili ngati ya munthu amene wapeza pomwe pakumveka bwino.

Anali afupiafupi, amimba, a makutu aakulu omera ubweya. Ntchito ankagwirira m'shedi ya malata, momwe mawaya ofiira ndi akuda ankalendewera pamisomali, zitseko za magalimoto zitatsamira khoma. Pakamwa pawo panalibe chivundikiro. Wina wa takisi anabwera akufuna masipika anayi oyang'ana kunja.

“Mukufuna amve ndani, inu kapena oyenda pansi?”

“Ndikufuna anthu azidziwa kuti ndikubwera, madala.”

“Ndiye kagulenitu belu la njinga. Ndikumangirirani ulere.”

Wina anabwera atanyamula ampu, chija chowonjezera mphamvu ya mawu, chachikulu ngati sutikesi. A Mipando anangogogoda chitseko cha galimoto yake n'kumva chikuti phwatatata.

“Chitseko chanuchi chili ndi kwaya yakeyake. Tiyambe tachitontholetsa ndi mphira, kenako tikambe za sutikesi yanuyo.”

Anali ndi dongosolo lawo lomwe sankalisintha ngakhale ulire. Poyamba masipika a m'zitseko zakutsogolo. Kenako timasipika ting'onoting'ono ta mawu osongoka tija, pafupi ndi galasi lakutsogolo, chifukwa, mwa kunena kwawo, palibe munthu amene makutu ake ali m'maondo. Kenako akumbuyo. Bokosi la besi, lija logunda pachifuwa, linkabwera pomalizira penipeni, ndipo ena ankabwerera osalipeza.

Tsono yanga ndi iyi, ndipo ndikuilemba nkhope ili yotentha.

Ine ndinabereka mwana wanzeru. Zimenezo ndinene ndekha, popeza ansanje sanganene. Mwanayo anagula galimoto ya banja, ija ya mipando isanu ndi iwiri ndi chitseko chokoka. Mpando wakutsogolo unali wanga. Palibe amene anandipatsa, koma palibenso amene analimba mtima kundifunsa. Pakati pankakhala mpongozi wanga ndi adzukulu anga awiri. Kumbuyo kwenikweni kunkakhala asewere, ndiye kuti mayi a mpongozi wangayo, amene anabwera kudzakhala nafe amuna awo atamwalira.

Asewere sanandilakwirepo kanthu. Limenelo ndiye linali vuto. Anali mayi ofatsa, oluka majuzi, amene m'chikwama mwawo simunkasowa kaswiti. Galimoto ikangonyamuka, adzukulu anga, magazi anga enieni, ankagwada pamipando yawo n'kutembenukira kumbuyo. “Agogo, taonani ng'ombe!” “Agogo, tayimbani ija!” Ine ndikatembenuka kuti ndiyankhe, ndinkangoona timisana. Agogo ake sanali ine.

Nkhaniyi ndinayenda nayo m'mimba miyezi itatu. Kenako tsiku lina ndinaona galimoto ya mnansi wathu itatsegulidwa kumbuyo. Mipando yakumbuyo inali itachotsedwa, ndipo m'malo mwake munagona chibokosi cha besi. Ndinawerenga ndi zala. Mipando isanu ndi iwiri, kuchotsapo iwiri, itsala isanu. Ife tinalipo asanu ndi mmodzi. Ndinalekeza sukulu panjira, koma samu imeneyo ndinaikhoza.

“Mwana wanga,” ndinatero tikumwa tiyi, “wailesi ya m'galimoto mwako ikulira ngati udzudzu. Munthu wa ulemu wako! Mnansi wathu akudutsa pano mawindo akunjenjemera, iwe ukungoti nyiii.”

“Amayi, inu mumakonda zimenezo?”

“Ndinakubereka ndine, koma sukundidziwa.”

Mwana wanga ndi wanzeru kuntchito. Kunyumba ndi wanga. Loweruka lotsatira tinali kwa a Mipando, awiriwiri.

Anayamba mwambo wawo. Pa dalaivala, kutsinzina. Pampando wanga, kutsinzina, n'kunena kuti, “Apa pamakhala munthu amene saopa munthu.” Ndinaganiza kuti akundiyamikira. Pakati anatola chidole chopanda mutu. Kenako anakwawira kumbuyo, mimba ikukanirira pakampata, n'kukhala phee nthawi yaitali.

“Kuno wailesi sifika n'komwe,” anatero ali chitsinzinire. “Kumangomveka matayala. Kumakhala ndani kuno?”

“Katundu,” ndinayankha msangamsanga.

Anapisa dzanja m'mbali mwa mpando n'kutulutsa singano yolukira, ulusi wobiriwira ukulendewera.

“Katundu wanuyu amaluka majuzi?”

Mwana wanga anaseka. “Ndi apongozi anga, madala. Koma akuti bokosi lalikulu limafuna malo. Mwina masiku ena azitsala, kapena tiziwapezera takisi. Sindinaganizirepo bwinobwino.”

“Bokosilo analiganiza ndani?”

“Amayi.”

A Mipando anatsegula diso limodzi lokha n'kuliika pa ine. Ndakalamba ndikuyang'anizana ndi anthu. Ndinayang'anapo mphunzitsi wamkulu mpaka anapepesa kwa mwana wanga. Koma diso limenelo linandiweramitsa.

“Mayi, ndinu okonda besi?”

“Kwambiri.”

“Yogunda pachifuwa ija?”

“Ndikapanda kuimva tsiku limenelo chakudya sichilowa.”

“Ndasangalala,” anatero akutsika chafutambuyo. “Amayi a msinkhu wanu ambiri amaiopa. Ndiye bwanji chinthu chokondedwa chonchi tikachiike kutali ndi mwini wake? Lilipo bokosi lina laphwatalala, lolowa pansi pa mpando. Mphamvu ndi zomwezo. Mipando sitichotsa ndi umodzi womwe. Tiliika pansi pa amayi.”

“Zoona?” mwana wanga maso anawala. “Amayi, mwamva? Besi yanuyanu!”

Ndikanati chiyani? Ndinati zikomo.

Anagwira ntchito tsiku lonse. Anasintha masipika a m'zitseko, anamata mphira, anakweza timasipika tija pafupi ndi galasi, ndipo popanda wowapempha anaikanso awiri m'mbali mwa mpando wakumbuyo kwenikweni. Pomaliza analowetsa chinthu chakuda chija pansi pa mpando wanga, n'kuchisisita ngati mphaka.

Lamlungu tikupita ku tchalitchi, mwana wanga anayatsa wailesi.

Anzanga, ndakwerapo lole yopanda masipuling'i. Ndakhalapo pafupi ndi chigayo. Zonsezo n'zamasewera. Chinthu chija chinayambira m'zidendene, n'kukwera ndi msana, n'kukagwedeza dzino langa lakumbuyo lomwe ndinali nditagwirizana nalo kuti tisiyane mwamtendere. Chikwama chinkayenda chokha pamiyendo panga. Mpango wakumutu unkatsika pang'onopang'ono mpaka m'maso.

“Amayi, zili bwanji?”

“Zi-zi-zili bwi-bwino.”

“Ndiwonjezere?”

“Wo-wonjezera.”

Kumbuyo ndinamva mawu a asewere, osangalala ngati mwana. “Iii, kani wailesiyi imayankhula? Ine ndimayesa mumangokhala chete kutsogoloko!” Ndiye anayamba kuyimba motsatira nyimbo, adzukulu n'kumawomba m'manja. Ndinatsika pa tchalitchi miyendo ikuvinabe yokha, mpaka mayi wina anandifunsa ngati ndamwa mankhwala a malungo.

Ndinapirira masabata atatu. Lachinayi lina ndinavala nsapato zanga zokanganira n'kupita ndekha ku shedi kuja. Panali makasitomala angapo. Sindinapereke ndi moni womwe.

“Chinthu chanu chija mukachichotse.”

“Chawonongeka?”

“Chikundiwononga ine!”

“Pepani. Ndichotsa lero lomwe. Abwere mwini galimoto, mumuuze pamaso panga kuti besi simuikonda, basi. Ntchito ya mphindi khumi.”

Anadziwa kuti sindingathe. Mwana wanga akanafunsa kuti nanga bokosi lalikulu lija ndinkalifuniranji, ndipo ngakhale iye samu imeneyo akanaikhoza. Ndiye ndinachita zimene munthu wogwidwa amachita. Ndinakuwa. Ndinawatchula wakuba, wachinyengo, woika mawaya otola kudzala. Ndinawauza makasitomala aja kuti athawe magalimoto awo asanapse. A Mipando anangoima, pulayala ili m'manja. Nditatha mpweya, anandiyandikira n'kuyankhula motsitsa kuti ena asamve.

“Mayi, kumbuyo kuja kuli mpando umodzi wopanda munthu. Ndinakhalapo. Sikugwedezeka.”

Ndinawatembenuzira msana. Ndipo sindinalekere pomwepo. Nkhani ya mawaya otola kudzala ndinaifalitsa kwa amayi a mumsewu wonse, ndipo ine ndikanena chinthu chimayenda. Ndikudziwa anthu awiri amene anapititsa magalimoto awo kwina chifukwa cha pakamwa panga. A Mipando akanatha kundimaliza ndi chiganizo chimodzi chokha. Munthu amene ankanyoza wa takisi pamaso pa gulu sanauze ndi mmodzi yemwe chimene anaona mwa ine.

Lamlungu lotsatira dzino lija linandigonjetsa. Ndinaima pakhomo la galimoto n'kulengeza mokweza kuti si bwino mkazi kukhala kumbuyo mwamuna wake ali kutsogolo, ndipo kuyambira lero mpongozi wanga azikhala pafupi ndi mwamuna wake. Mpongozi wanga anagwetsa misozi. Nkhani inafika mpaka ku tchalitchi, kumene amayi a mumpingo anandiimiritsa kutsogolo ngati chitsanzo cha apongozi odzichepetsa. Anandiwombera m'manja. Ine ndinalandira, n'kuweramitsa mutu mwaulemu. Pa manyazi onse amene ndawachita pamoyo wanga, awa ndi amene amandiwotcha kwambiri.

Mpongozi wanga atangokhala pampando uja, besi n'kugunda kamodzi, anati, “Tachepetsani, bambo a ana.” Mwana wanga n'kuchepetsa. Basi. Mawu amene ine anandikanika masabata atatu.

Ndipo kumbuyo kwenikweni kuja, kumene ine ndinasamukira, ndinene zoona, n'kumene nyimbo zinkamveka bwino kuposa galimoto yonse. Asewere anasuntha chikwama chawo n'kundipatsa mpira wa ulusi kuti ndiziwagwirira. Adzukulu anagwada n'kutembenuka monga mwa masiku onse, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawaona kumaso. Akati “Agogo!” tinkayankha tonse awiri, n'kuyang'anana.

Ndinkati ndidzapita kukapepesa kwa a Mipando. Ndinkati mwezi wamawa. Tikamadutsa pa shedi ankakweza dzanja, n'kuyang'ana pawindo lakumbuyo, ine n'kumanamizira kufuna chinthu m'chikwama. Zinatero chaka chathunthu, mpaka tsiku lija anthu anadikira panja pa galimoto ya kasitomala.

Pochokera kumaliro, wailesi ili yozima, ndinawauza asewere zonse monong'ona. Anapitiriza kuluka mpaka kumapeto kwa mzere.

“Asewere, ndinadziwa tsiku lomwelo,” anatero. “Inu amene munachotsa batire m'wotchi yapakhoma chifukwa imakusokosani, mukonde besi?”

“Ndiye bwanji simunanene?”

“Ndinene chiyani, m'nyumba ya eni? Ndinangolongedza sutikesi. Ndinati mpando ukachoka, nanenso ndizipita kwa mchimwene wanga. Munthu akasowa pokhala m'galimoto, posachedwa amasowanso patebulo.” Anawerenga timfundo ta ulusi, kenako anandigunda ndi chigongono. “Tagwirani bwino ulusiwo, ukugwa.”

Mwana wanga sakudziwabe. Adziwira pano, ndipo iwe mwana iwe, usayerekeze kundifunsa pamaso pa ana.

Shedi ija ilipobe. Anaitenga anthu ena, aulemu ndithu, achangu, ovala yunifomu. Amakupatsa moni, amakufunsa chimene ukufuna, n'kukuikira chomwecho pomwe walozapo. Galimoto imalowa m'mawa, masana yatuluka ikugunda mpaka malata a nyumba zathu kumayankhira. Anthu akuti zinthu zapita patsogolo, palibenso zodikira munthu atatsinzina. Mumsewu mwathu simunasokoserepo chonchi.

Koma kuseri kwa shediyo, m'mbali mwa mpanda, ayamba kuunjikako mipando yochotsedwa m'magalimoto. Ikunyowa ndi mvula, ina yayamba kumera nkhungu. Sabata yatha ndinaima pampandapo n'kuiwerenga. Inakwana khumi ndi umodzi. Ndinafunsa mmodzi wa ovala yunifomu aja kuti pamipando imeneyi pankakhala ndani.

Anandiyang'ana modabwa. “Sitifunsa, agogo,” anatero.