Mdala Wokhalira Malaputopu

Aliyense amene anakwerapo masitepe a ofesi ija akudziwa kuti a Sinakhwime ankakhalira malaputopu a anthu. Kukhalira kwenikweni, thupi lonse. Ofesiyo ndi ya bungwe lolera mapulogalamu a pakompyuta, aja oti aliyense atha kuwatsegula, kuwakonza ndi kuwagwiritsa ntchito mwaulere. Pulogalamu ikakula, komiti imavota kuti ituluke ikadziimire payokha. Koma yankho la mdala ameneyu, yemwe anali m'komitiyo, silinkasintha, mpaka linasanduka dzina lake.

Amene anawona zakuda ndi mayi wina yemwe mdalayo ankamutcha Phuma. Mayiyu analemba pulogalamu yowerengera mankhwala m'zipatala zing'onozing'ono, ndipo eni zipatala anamuuza mosapita m'mbali kuti sangaikhudze ikadali m'manja mwa olera.

Atapempha koyamba kuti ituluke, mdalayo analanda laputopu yake, kuyiika pampando, n'kukhalapo.

"Bambo, muphwanya!"

"Inu mayi mwamwalira. Pitani mukakhale pakhonde. Otsalanu, konzani vuto ili tione."

Anzake awiri amene Phuma anabwera nawo anangoti kukamwa yasa. Kenako mmodzi anasuzumira pazenera.

"Achemwali, pasiwedi ija ndi chiyani?"

"Akufa salankhula!" anakuwa mdalayo. "Sinakhwime."

Phuma anatsika masitepe ali wolusa. Munthu wosagona chifukwa cha ntchito, lero aphedwe ndi nkhalamba yolemba ndi chala chimodzi! Ulendo wachiwiri anabwera ndi chigulu, mipando mpaka kuchepa.

"Awa ndani?" anafunsa a Sinakhwime.

"Mng'ono wanga."

"Awo?"

"Alamu anga. Enawo ndi asuweni."

"Mayi, mwabweretsa pulogalamu kapena msonkhano wa banja? Mukadzayambana paukwati, odwala adzamwa chiyani?"

Ulendo wachitatu mdalayo sanadzuke n'komwe pampando. Anangofunsa ngati alipo amene anatsutsanapo ndi Phuma n'kupambana.

"Apambane bwanji ine ndikulondola?"

"Ndiye vuto lake limenelo," anatero mdalayo, uku akutokosa m'khutu ndi cholembera.

Zimene Phuma anachita pambuyo pake sanachite chifukwa chomvera ayi, anachita ndi mkwiyo weniweni, kuti mdalayo adzasowe chonena. Anagawa mapasiwedi kwa anthu osawadziwa nkhope. Analola namwino wina wakutali kusintha tsamba limene iye ankalinyadira, ndipo chomuwawa kwambiri, la namwinoyo linali labwino kuposa lake. Anazimitsa foni n'kupita kwa amayi ake, atabwerako n'kupeza zolakwika zonse zakonzedwa popanda womufunsa. Mawu odzamulalatira nawo mdalayo anawaloweza pamtima, ndipo ankawayeserera m'bafa.

Tsiku la voti anakwera masitepe mawuwo ali pamlomo. Wapampando anamulandira pakhomo, nkhope ili yakugwa. A Sinakhwime anali atamwalira sabata yapitayo, atangodwala pang'ono.

Voti inatha msanga kuposa pemphero lotsegulira. Manja m'mwamba, kuwomba m'manja, basi. Palibe anafunsa funso. Pulogalamu inatuluka, zipatala zinaitenga, ndipo mpaka lero ikuyenda bwinobwino, iye alipo kaya palibe.

Ku ofesi ija masiku ano kuli zii. Komiti yadzaza anthu aulemu, osafuna kukhumudwitsa munthu, ndiye mapulogalamu akungotuluka ngati madzi a pampopi wakutha, ambiri n'kufa mwini wake akangopeza ntchito ina. Anthu amaseka akamakumbukira za mdalayo, koma Phuma saseka nawo. Wina akamuyamikira kuti anapambana, amalusa.

"Ndinapambana ndani? Anthu khumi ovomera chilichonse? Ine ndinkafuna inde wa munthu mmodzi. Mwano wanji umenewu, kundivutitsa zaka zonsezi kenako n'kufa asananene!"

Akatero amavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale ali oyera kale.