A Tully, Wodzutsa Mitembo

Mu Hollywood monse munalibe munthu wopha anzake mwaulemu ngati malemu a Ambrose Tully. Moyo wawo wonse ankasewera chilombo m'mafilimu oopsa, kutuluka m'manda, kukanyanga anthu pakhosi. Koma kamera ikangozima, ankapita kwa aliyense amene amupha n'kumugwira dzanja: "Dzukani bwanawe, tamaliza. Pepani." Mtembo ukadali pansi, nkhomaliro sinkalowa.

Ine ndinkachapa zovala za osewera, ndiye magazi onse a uchi wothira utoto ankathera m'manja mwanga, miseche m'makutu mwanga.

A Tully atakalamba, mawondo atatha, kunabwera wotsogolera filimu wina, Kessler, wa kandevu ngati ka tonde. Ankati zilombo zinatha ntchito, anthu tsopano akuopa munthu wometa bwino wokwera padenga ndi mfuti. A Tully anapatsidwa gawo la nkhalamba yongodutsa.

Tsiku lojambula, bwalo loimikapo magalimoto linadzaza mitembo, dzuwa likuswa mtengo. Kamera itazima tinangoona nkhalamba ikutsimphina ndi ndodo, mtembo ndi mtembo.

"Madala, simunawaphe ndinu," anatero Kessler. "Dzuwa likutithera."

"Wawaphayo wapita kukamwa khofi," anayankha a Tully. "Nkhope zawo sakuzidziwa n'komwe. Ine wanga ndinkamuyang'ana m'maso."

Mitembo nayo inachita mwano. Inakana kudzuka yokha, ina ikugwedezeka ndi phwete, mpaka nkhalamba inaifikira yonse. Kessler anatsala pang'ono kuzula kandevu kaja.

Filimuyo inatchuka, mpaka lero amaionetsa. Koma isanatuluke, masana ena kunja kwa geti la kuntchito kwathu kunalira mfuti. Tonse tinayesa ndi zathu za m'filimu zomwe. Anali munthu wolusa chabe, wosadziwika, ndipo Consuelo, mayi wotigulitsa khofi, anali gone pambali pa ngolo yake. Magazi ake sanali owala ngati athu aja.

A Tully anagwada, mawondo omwe aja, n'kumugwira dzanja.

"Dzukani mayi, tamaliza."

Anabwerezanso, motsitsa mawu. Apolisi anachita kuwanyamula a Tully.

Ku ntchito sanabwerenso, ndipo chaka chisanathe tinawaika m'manda, ulendo uno osatulukamo. Masiku ano kamera ikazima mitembo imadzuka yokha, kusasa fumbi, liwiro kuchakudya. Wopepesa palibe.

Buluku lomwe anagwadira tsiku lija anandisiyira. Ndayesa sopo wamtundu uliwonse. Magazi a uchi amachoka ndi madzi ozizira chabe, koma awa anakana.