Mfumu ya Aroma Imene Ndinkasowa

Amene mumati mayi a Tadala sanachitepo manyazi chifikireni ku Dublin, kokani mpando. Inunso amene mumati ndimathira mchere nkhani, mumve kaye mpaka kumapeto, mukatsutse pambuyo.

Ine ndili ndi chinthu chimene Mmalawi wina aliyense kuno alibe: ndalama zachitsulo za mafumu akale a ku Roma. Nkhalamba ina ya ku Skerries imene ndinkaisamalira inandisiyira kabokosi ka mabowo twelve, bowo lililonse mfumu yake. Munali ndalama nine. Ziwiri ndinagula ndekha pa intaneti, ndikunenerera mtengo ngati ndikugula kaunjika ku Limbe. Bowo limodzi linakana. Mfumu yake inangolamulira miyezi itatu, ndiye ndalama zake n'zosowa, yotchipa kwambiri three hundred euros. Bajeti yanga inali fifty.

Vuto langa ndi pakamwapa. Ndinali nditalengeza kale kwa amayi onse kuti chaka chisanathe bokosilo likhala lodzaza, ndipo ndidzawaitana kudzaona.

Ndiye ndinaimbira Mayi Kachingwe, nesi wa ku chipatala cha Beaumont amene amadziwana ndi aliyense.

"Achemwali, ndapanikizika. Ndikusowa ndalama ya Aroma."

"Ya Aroma? Inu si mumapemphera kwina?"

"Zimenezi zilibe mpingo. Ndasakasaka, thumba lakana. Ndingopeza mfumu imodzi yokha basi, ndipume."

Kenako anati, "Mfumu tili nayo ku Balbriggan."

"Yakale?"

"Yakalamba ndithu."

"Kukalambako n'kumene ndikufuna. Nkhope ikuoneka bwino? Mphuno ilipo?"

"Mphuno? Ilipo, yaikulu bwino. Nanga nkhaniyi ndi ya zingati?"

"Three hundred. Koma musauze anthu."

Kuuza Mayi Kachingwe kuti asauze anthu kuli ngati kupempha mvula ya kuno kuti ipume.

Anati ndibwere Sunday ku holo ya tchalitchi chawo Misa ikatha. Ndinavala suti yanga yofiirira, gogoda, wotchi yagolide, handbag pamkono, kabokosi m'khwapa. Pokagula chinthu chodula suoneka ngati wosowa, angakunyoze.

Nditangolowa, anthu anadzuka n'kumandipatsa moni ndi manja awiri. Ndinati mumtima, ayi, mbiri yanga yafika kutali.

"Pepani, mayi. Limbani mtima," anatero mayi wina.

"Ndinalimba kale," ndinayankha. "Zaka four ndikuvutika nazo zimenezi."

Bambo wina wa ku Zambia anagwira pamutu. "Four years? Manje mwenze kudya chani?"

Ndinaseka, ndikuyesa nthabwala. Kumbuyo kwanga wina ananong'ona kuti, "Taonani handbag-yo. Mavuto amabisala m'zovala."

Kenako Mayi Kachingwe anatulukira atagwira dzanja wansembe wokalamba wa ku Dedza.

"Mayi a Tadala, awa ndi bambo mfumu athu."

Ndinayang'ana nkhope. Ndinayang'ana mphuno. Inalipodi.

Ndinazindikira, koma mochedwa. Bambo mfumu anali atayamba kale kulankhula, dengu la chopereka lili m'manja.

"Abale, mlongo wathuyu ndi wa mpingo wina, koma njala ilibe mpingo. Wadzichepetsa, wapempha ndalama kwa Aroma, ndipo Aroma ayankha."

Anthu anaomba m'manja. Ine, mayi wa galimoto yangayanga, woti kwathu ndinamanga nyumba ya matailosi, Akatolika andisonkhera!

Ndinalibe pothawira. Ndinatsegula kabokosi kaja patebulo n'kufotokoza zonse, chala chili pa bowo lopanda kanthu. Bambo mfumu anavala magalasi, anasuzumira, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye mphuno yanga mumaifunsa chifukwa cha zimenezi? Ine sabata yonse ndakhala ndikudziyang'ana pagalasi."

Wa ku Zambia uja anatola ndalama imodzi n'kuitembenuza. "So tasonkha ndalama kuti mugule ndalama? Igula bread iyi?"

"Sigula," ndinatero.

Ndinakana dengulo katatu, ndipo mboni zilipo. Koma bambo mfumu anati chopereka sichibwerera m'matumba, poti palibe amene angavomere kuti anaponya twenty cents. Anagamula kuti ndikagule mfumu yangayo, koma mpunga wa phwando la parishi ndikaphike ndine. Ndinaphika, ndipo mpaka lero akuukamba.

Bokosi linadzaza chaka chisanathe, monga ndinanenera. Phunziro lake n'lakuti ukamapempha chinthu kwa Amalawi, uziyamba watumiza chithunzi.

Kwa amene mumafunsa kuti manyaziwo anandilipira zingati, lembani zimene Akatolika aja anandisonkhera: two hundred and sixty-three euros forty cents, thumba la mpunga, mafuta ophikira five litres, ndi jekete lachimuna limene, kunena zoona, limandikhala.