Nanga Eliyasi Akunena Ndani?

Lolemba

Nkhungu yaphimba Ntengo-Wambalame yense. Sola sikugwira, matelefoni a anthu angogona patebulo osatchajidwa, ndipo ine ndili phee m'banka yanga, kashopu kanga ka pamsika, ndikumvera Eliyasi.

Chimbale chatuluka! Choyamba! Gulu lawo la ku Tete lija, dzina lake Denga Lodontha. Akuti nyimbo zake ndi roki, koma osati roki wamba, roki yapambali. Yapakatiyo sindinaimvepo, ndiye sindingatsutse.

Wanditumizira m'mawa uno pamodzi ndi ntchito: ndiziike anthu akwathu amve, ndijambule mawu awo patelefoni, aliyense anene mmene zamukomera. Lamulungu adzandiimbira kuti ndimuuze. Ntchito yosavuta. Amene amaika nyimbo m'tikartau, timakadi ta m'matelefoni, dera lonse lino ndine.

Zimene ndaona ine:
- ng'oma zikuthamanga, koma mawu akuyenda ngati munthu wodzuka kumene
- povinira palibe
- kumapeto kwa nyimbo iliyonse gitala amalira yekha mpaka kutopetsa, pamenepo ndimadumpha
- nyimbo yachisanu ndi chimodzi!

Imati, “Ukadali pomwe ndinakusiya, maso ali kumsewu.” Banka yanga inayang'ana kumsewu. Ine sindikunena kanthu.

Tsiku lokwera shapa lija, minibasi yopita ku Tete, Eliyasi anati, “Ndikatulutsa chimbale ndidzabwera, tidzakambirane.” Mbatatesi zakumbidwa kangapo chichokereni. Kale ankandiitana ndi mluzu kuseri kwa bulugama, kawiri kokwera, kamodzi kotsika, kuti amayi asadziwe. Amayi ankadziwa.

Lachiwiri

Womvera woyamba: a Nachisale, azakhali ake a Eliyasi, amene amagulitsa mbatatesi pafupi nane. Ndawaikira nyimbo yachiwiri, ya “unalonjeza mvula, unabweretsa mphepo.” Amvera atatsinzina, mutu uli pambali. Mtima wanga myaa, ndati zawalowa.

Atsegula maso. “Akunena ndani?”

Ndafotokoza kuti sakunena munthu, ndi luso chabe. Andiyang'ana ngati ndamwa.

“Mwanawe, nyimbo yopanda mwini wake kulibe. Ife pamtondo tikamaimba za nkhuku yoba mazira, nkhukuyo imakhala itavala chitenje.”

Ati ndibwezenso. Ndabweza. Nkhope yawo yasintha. Kani Eliyasi ali mwana, a Nachisale anamulonjeza mbuzi akadzapasa mayeso, iye anapasa, mbuzi sinaoneke. Ndatsegula chojambulira kuti anene za nyimbo. Alankhula mpaka telefoni yatentha: za fisi, za chaka cha njala, za malemu amuna awo. Za gitala palibe liwu.

Palibe kanthu, chiyambi chimavuta. Madzulo nkhungu yabweranso, ndipo ndikuona munthu akutuluka mmenemo, gitala kumsana, akuyenda mwa Eliyasi. Wafika pafupi. Ndi bambo wina wasenza khasu.

Lachitatu

Kadzuwa pang'ono. Omvera awiri lero.

A Domingo, woyendetsa shapa, agwidwa ndi nyimbo yachitatu, ya “unandidutsa pamvula, sunaime.” Adumpha pabenchi. “Epa, mana, mlongo wanga! Shapa inali yodzaza tsiku limenelo! Ndikanamuika pati, padenga?” Ati ndiwaikire chimbale chonse m'kartau, akaseweretse m'galimoto, anthu okwera aweruze okha ngati iwo analakwa.

A katekisita abwera kudzatchajitsa. Munthu waulemu, wodziwa nyimbo, amatsogolera kwaya. Ndati apa ndiye ndipeza maganizo enieni. Yafika nyimbo yachinayi, ya “ndikudziwa chimene unakwirira kuseri kwa nyumba.” Aimirira pang'onopang'ono, avala chipewa, apita. Telefoni yawo aisiya.

Maganizo amene ndasonkhanitsa:
- mbiri ya mbuzi
- kuchuluka kwa anthu amene shapa imanyamula
- phokoso la nsapato za a katekisita

Anthu akwathu amandimvetsa chisoni. Aliyense akuganiza kuti dziko limaimba za iye! Ine ndamvera yachisanu ndi chimodzi masana onse. Akamati “maso” mawu ake amanjenjemera pang'ono, ngati akuzizidwa, pomwe ku Tete kumatentha. Ndimadziona ndili pamlatho waukulu wa ku Tete uja umene sindinauonepo, mphepo yofunda, madzi pansi akuyenda osafulumira. Sindidziwa kuti ndavala chiyani, koma chikundikhala.

Lachinayi

Ndapeza mbuzi yomangirira pamtengo wa banka. Yaikazi, yamawanga. A Nachisale akuti, “Umuuze ndalipa. Afufute nyimboyo.” Ndayesa kunena kuti nyimbo ikatuluka yatuluka. Ati, “Analemba yekha, afufuta yekha.”

Mbuzi yatafuna chingwe cha tchaja.

Mbiri yamveka msika wonse. Anthu ali pamzere, koma palibe amene akufuna kunena maganizo. Aliyense akufuna kumva ngati alimo. Amamvera atagwira mpweya, ikatha nyimbo amapumira m'mwamba, kenako amayamba kutchula mnzawo amene ikumukhala.

A Fabiyau, nkhalamba ya munda wa mapichesi, amvera chimbale chonse osaphethira, ndipo akwiya koopsa. Iwo mulibe. “Mwana ameneyu ndinamukwapula ine ndi manja angawa ataba mapichesi anga. Palibe ngakhale ndime imodzi? Domingo wangomudutsa pamvula, nyimbo yathunthu!”

Ndajambula zimenezo. Mwina tingati ndi maganizo.

Amayi akufunsa chimene ndikumwetulira ndikutsuka mbale. Ndati palibe. Ati, “Palibe ameneyu wakukhalitsa zaka.”

Lachisanu

A Domingo abwera ndi nkhani. Kartau kaja anabwereka mnzawo wa njinga yamoto, kafika ku Furancungo, ndipo kumeneko zavuta. Mayi wina wa ku Chidzolomondo, amene Eliyasi sanamuonepo chibadwire, watumiza uthenga kuti akufuna kudziwa amene anaulula za kuseri kwa nyumba yake. Akuganizira apongozi ake.

Ndaseka mpaka misozi.

Kenako kwabwera Rozita wogulitsa mandasi, wadzola milomo masana ano. Akuti ndimuikire yachisanu ndi chimodzi yokha. Yokha! Akuti, “Iwe sungamvetse, mana. Tinkakhala benchi limodzi kusukulu.” Atangochoka wabwera mlongo wake wa wometa tsitsi. Yomweyo. Kenako mayi wina wa ana anayi, amene ndamuchitira ulemu posalemba dzina.

Ndatuluka panja, ndayang'ana uku ndi uku. Msika wonse unayang'ana kumsewu. Mabanka onse, mabenchi onse, ngakhale mbuzi.

Komabe pali kusiyana. Iwo akuganiza, ine ndikudziwa.

Loweruka

Nkhungu tsiku lonse, phiri silikuoneka, anthu akutulukira pafupi ngati akuchokera m'maloto a munthu wina.

Akuti a katekisita aoneka m'mamawa ndi khasu kuseri kwa nyumba yawo. Akazi awo akuti akubzala nthochi. Mwezi wozizira uno! Telefoni yawo ikadali pano, yadzaza, yalira kawiri.

Ndamvera zonse zimene ndajambula kuti ndisankhe zotumiza:
- kudandaula, kwambiri
- kupepesa, pang'ono
- kuopseza kuti nkhani ipita kwa ankhoswe, kamodzi
- mbuzi, paliponse

Zokhudza nyimbo ndapeza mawu amodzi okha, a Domingo: “Ng'omazo zimathandiza pachitunda.” Nditumiza amenewo.

Mawa ndimufunsa Eliyasi. Osati mwachindunji. Ndidzayamba ndi za mbuzi, tidzaseka, kenako ndidzati, nanga yachisanu ndi chimodzi ija? Iye adzakhala chete pang'ono. Ndakonza kale mmene ndidzakhalire chete inenso. Ndikuopa, ndisaname. Ngati nyimboyi ndi yanga, ndiye kuti akubwera. Ngati si yanga, sindikudziwa chimene ndakhala ndikuyang'ana kumsewuku.

Ndatsuka tsitsi.

Lamulungu

Ndavala diresi ya maluwa. Amayi akuti, “Zonsezi n'zoyankhira telefoni?”

Eliyasi waimba telefoni titatuluka m'tchalitchi. Ndamuuza za mbuzi, za shapa, za mapichesi, za nthochi za a katekisita. Waseka mpaka kutsokomola, waitana anzake kuti amve.

Kenako wati, “Koma mawu onsewo si anga. Analemba ndi Zeka, woimba ng'oma. Kwawo ndi ku Kelimane, kunoko sanapondeko. Analemba m'Chipwitikizi, ine ndinangotembenuza.”

Ndati, nanga yachisanu ndi chimodzi?

“Ija? Ya galu wake. Anamusiya kwa mayi ake, akuti mpaka lero amakhala pachipata.”

Kukhala chete kuja ndinakonza kwagwira ntchito ndithu.

Ndafunsa kuti changa, ayi, chake m'chimbalemo n'chiyani. Wati, “Gitala basi. Kumapeto kuja amandisiya ndekha ndinene zanga.” Zobwera akuti mwina Disembala, pali chimbale chachiwiri. Mbuzi akuti ndisunge.

Sindiuza munthu za Zeka. A Nachisale alipa kale, a katekisita akumba kale, Rozita wagula kale zodzola. Atsale nazo nyimbo zawo.

Ndabwera kubanka ngakhale lero sindigulitsa. Ndaika yachisanu ndi chimodzi, ya galu. Mawu atha, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinadumphe. Gitala akulira, akukanda, akuzungulira ngati mphepo m'malata. Ndiye pakati pa phokosolo, pansipansi, kawiri kokwera, kamodzi kotsika.

Kapena si choncho. Kapena magitala onse amatero. Kapena ndangosanduka a Nachisale wachiwiri. Kumufunsa sindimufunsa, galu mmodzi wandikwanira sabata ino.

Ndabwezanso. Nkhungu ikutsika kumsewu. Mbuzi yasiya kutafuna, yaimika makutu, ikumvetsera nane. Nayonso ikuona ngati akunena iyo.