Chinanazi cha mumtengo wa mango

Lolemba
Abambo a kumishoni akufuna munthu wosamalira dimba lawo. Lamulungu likubwerali ayendera makomo, asankhe pakati pa ine ndi alamu anga aLuka. Ndiye taonani kukondera kwa dziko! Msuweni wa aLukawo wophikira azungu ku Zomba wawabweretsera kambewu ka kutsidya kwa nyanja. Kakumera pa nthambi, dothi iyayi, masamba ngati a chinanazi, pakati duwa lofiira psuu. Mudzi wonse uli kumeneko. Ine ndangodutsako basi. Kenako ndadutsakonso.

Lachiwiri
Ndakayang'anitsitsa. Ndi chinanazi chomwechi, changokwera mumtengo! Zimenezo nanenso ndingathe. Zofunika:
mitu ya zinanazi
luzi
makwerero
akazi anga, amake Tereza, apite kumadzi.
Zinanazi zawo kuseri kwa nyumbaku zatsala pang'ono kupsa. Ndadula zonse.

Lachitatu
Mitu ili mumtengo wa mango, ndamanga bwinobwino. Amake Tereza akuti, "Zaka ziwiri ndikuthirira ine, inu n'kudula zosapsa?" Za maluwa sazidziwa amenewa. Ndiwo za lero: mchere.

Lachinayi
Zanga zayamba kufota. Kwa aLuka kwatuluka duwa lachiwiri! Amayi pachitsime akuti aLuka ali ndi dzanja labwino. Dzanja lanji? Munthu woti nkhokwe yake imauma Khirisimasi isanafike! Mtima ukundiwawa, sindikubisa. Ngakhale kaseko kawo kakundinyansa.

Lachisanu
Chikusowa ndi duwa lofiira basi. Tambala wa amake Tereza wandipulumuka, koma mchira ndatsala nawo m'manja. Nthengazo ndasomeka pakati pa masamba. Ukaima patali, n'kutsinzina diso limodzi, zikuoneka ndithu!
ALuka abwera, manja kumbuyo. "Alamu, kodi atambala a kuno amaikira mumtengo?"
Mawu otukwana ndawameza. Ndine mkhristu.

Loweruka
Chimphepo! Mitu yagwera pansi, mbuzi zachita phwando. Watsala umodzi, wopendekeka. Pokauwongola makwerero andikana, chiuno chonsechi si changa. Amake Tereza angondilumpha, ulendo wa kumadzi.

Lamulungu
Abambo afika Misa itatha. Kwa aLuka angoti, "Kokongola, koma kumishoni tili nato tambiri. Sikadyedwa." Mtima wanga myaa!
Kwathu alunjika kuseri kwa nyumba. "Ndamva kuti kuno kuli zinanazi zonenepa. Ndi banja limodzi ndi kaduwa kaja, koma ine ndikufuna wodziwa kulima zodyedwazi. Zili kuti?"
Amake Tereza aloza mumtengo. Abambo ayang'ana nthenga zija, andiyang'ana ine, ayang'ananso nthenga.
Ntchito yapita kwa aLuka. Akuti iwo sanaphe kanthu.
Mutu wotsala uja ndautsitsa, ndaubzala pansi ngati anthu ena onse. Amake Tereza akuti ndithirira ndekha zaka ziwiri. Tambala akandiona akuthawira kwa aLuka.